Botolo Lopanda Pepala mu Sutikesi ya Abambo

Ndinadzuka kusanache, ngati kunali kugona n'komwe, poti ndinangotsamira khoma miyendo ili chipindire. Bokosi la abambo linali pabalaza, pomwe tinachotsa masofa. Amayi a mumpingo anali atachezera kuyimba nyimbo, ina ya Chichewa, ina ya Chishona, mpaka mawu kusasa. Panja amuna anazungulira moto, zipewa zitaphimba makutu. Kuzizira kwa Juni kuno ku Mufakose sikuseka ndi munthu.

Kuseri kwa nyumba madiramu awiri a tiyi anali pamoto, ndipo akazi a maloja athu, anthu ochita lendi pakhomopo, ankaduladula kabichi pa chitseko chakale. Ndinkatsuka makapu pamene azakhali a ku Epworth, mlongo wa abambo, anandikoka dzanja. Amayi anali atawatuma kukatenga buku la nyimbo mu sutikesi yachitsulo ya abambo, kuti likakhale pamwamba pa bokosi. Pansi pa bukulo anapeza botolo lokulunga m'nsalu yakuda, lopanda pepala, muli madzi ofiirira. Atanunkhiza, akuti utsi wokhawokha, kuphatikiza fungo ngati la mankhwala otsukira chilonda.

"Achimwene ankasunga za kwa asing'anga," anandinong'oneza.

Chikhala anayamba kuuza ine, bwenzi zitathera pompo. Koma azakhali anga pakamwa pawo palibe chitseko. Anali atauzako kale anthu awiri.

Dzuwa likutuluka makombi, maminibasi a kuno, anayamba kutsitsa anthu pakona, a ku Warren Park, a ku Mbare, onse akulondola kansalu kofiira komwe tinamangirira pageti. Aliyense ankandigwira chanza n'kupepesa m'Chishona, "Nematambudziko," n'kupita kukakhala, ndipo asanamwe tiyi nkhani inali itamupeza. Abambo anali mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri. Akulu anzawo anasonkhana patsinde pa mtengo wa mapeyala natiitana ife apabanja. Wamkulu wawo, nkhalamba ya ndodo, ananena mosapita m'mbali: ngati nkhaniyi ili yoona, kwaya siyimba, abusa sakafika kumanda, ndipo amayi avule mayunifolomu a mpingo. Munthu amene anayimbira maliro a Mufakose yonse akanapita duu, ngati wakuba.

Ndinayang'ana amayi. Anali atafunda chitenje kumutu, maso pansi, osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Kunena zoona, zinandipsetsa mtima kwambiri.

Ine ndinkalidziwa botololo. Abambo anagwira ntchito ya bamani pa kilabu ina m'tauni, koma mowa sunadutsepo pakhosi pawo. Kumeneko kunkabwera mzungu wina wa ku Sikotilandi, injiniya wa kumafakitale a m'tauni momwemo ku Workington, yemwe ankakhala yekha kumapeto kwa kauntala. Onse awiri anali matchona, wina wa ku Dedza, wina wa pachilumba cha mphepo, ndipo ankasimbirana za kwawo. Mzunguyo ankati kwawo mitengo ndi yosowa, choncho amakumba dothi lakuda la m'dambo, kulidula ngati njerwa, kuliumitsa, n'kumasonkhera moto. Utsi wake ndiwo umaumitsa balere, mbewu yofululira mowa wawo. Akafulula amatcheza kawiri m'miphika yamkuwa, monga achitira kachasu, koma iwo samwa mawa lake. Amathira m'migolo yamatabwa n'kutsekera m'nyumba ya m'mphepete mwa nyanja mpaka mwana wobadwa tsikulo atamera ndevu. Mzungu uja atadwala matenda omwe anafa nawo, anapatsa abambo botolo lake lomaliza la wisiki, nati muli fungo la kwawo.

Abambo anapala pepala lake ndi mpeni kuopa a mpingo, nakulunga botololo m'nsalu ya wesikoti yawo yakale ya kuntchito. Tsiku lina ndinawapezerera atakhala pabedi, chivindikiro m'manja, maso ali chitsinzinire. Anati fungolo limawafikitsa kukhitchini ya amayi awo, denga litada ndi mwaye, ndiponso kudambo likamapsa mu Okutobala. Kwawoko sanabwerereko. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale amayi.

Tsono patsinde pa mtengo paja ndinali pakati pa moto ndi madzi otentha. Ndikakhala chete, abambo ndi a zithumwa. Ndikalankhula, ndaswa lonjezo, ndipo mkulu wa mpingo wapezeka ndi mowa. Ndinagwada, mawondo akuwawa ndi chisanu, ndipo ndinanena zonse monga ndalembera apa.

Sahwira wa abambo, mnzawo wapamtima wochokera ku Tete amene ankagwira nawo ntchito ku kilabu, anapempha botololo. Ananunkhiza kamodzi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Inu anthu! Uwu ndi mowa wa mabwana, sitinkaloledwa kuugwira ndi dzanja limodzi. Mphuno zanu zinazolowera masese!"

Ena anaseka chobisa. Nkhalamba ya ndodo sinaseke. Inakweza botololo kudzuwa n'kuona kuti mowa udakali m'khosi mwa botolo. Inafunsa kuti lakhala zaka zingati, ndipo ndinati zoposa makumi awiri.

"Ine chikhala kuti linali m'chipinda mwanga, silikanafika Khirisimasi," inatero. "Kauzeni akwaya akonze makosi."

Azakhali anayamba kulira mokweza, kupepesa kwa m'bale wawo. Ndinawasiya alire. Ndinali ndisanawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndinatero tsiku lomwelo.

Cha m'ma leveni mphepo inaleka, dzuwa linayamba kufunditsa misana. Anthu anafola kudzaona nkhope, kenako adzukulu ananyamula bokosi, buku la nyimbo lili pamwamba. Galimoto ya maliro inayenda pang'onopang'ono mumsewu wathu, basi ndi malole awiri pambuyo. Amayi ogulitsa tomato anaimirira pamisika yawo. Wometa wa pakona anazimitsa wailesi. Kwaya inayimba njira yonse osapuma, ndipo sindinaimvepo ikuyimba chotero, ngati ikubweza zomwe inatsala pang'ono kuwamana.

Kumanda dothi linali lofiira ndi louma. Abusa anawerenga mawu, akulu a mpingo onse ataima mzere kumutu kwa dzenje. Monga achitira asahwira pamaliro kuno, Sahwira anavala jekete ya abambo n'kumatsanzira kayendedwe kawo, thireyi yongoyerekeza ili m'manja, mpaka ndinaseka misozi ikutsika. Ndinaponya dothi langa n'kupepesa chamumtima chifukwa cha lonjezo lija. Amayi anaponya lawo mochirikizidwa ndi anzawo awiri, osandiyang'ana.

Madzulo anthu anabalalika, madiramu anabwezedwa kwa eni ake, masofa analowanso m'nyumba. Azakhali anakagona msanga. Ndinapeza amayi m'chipinda atakhala mbali ya bedi yomwe ankagona abambo, manja pamiyendo. Sindinapirire. Ndinawafunsa chifukwa chake anakhala chete m'mawa pomwe amuna awo ankadetsedwa dzina.

Anati botololo analiona kalekale, chaka chomwe abambo anapuma ntchito, akufuna malo oyika mabulangete. Analinunkhiza, naganiza zomwe azakhali anaganiza. Sanauze munthu. Lamulungu lililonse abambo akaima kutsogolo kulalikira, iwo ankapemphera chamumtima kuti Mulungu asawakanthire pompo. Abambo akugona m'chipatala, amayi ankadikira kuti alape, ndipo anamwalira osalapa.

"Dzulo ndikuyimba paja ndinkadziwa kuti sakalowa kumwamba," anatero. "Kani unali mowa chabe!"

Anaseka pang'ono, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, kulira komwe sanalire kumanda. Ndinakhala pafupi n'kuwagwira phewa.

"Bedi limodzi zaka zonsezi, mwana wanga. Ndikanangowafunsa."