Tsiku lomwe munandikoka ndi mpando womwe

A Namakhwa, aphunzitsi anga, lero ndakukumbukirani mtima ukuwawa. Ana anga a Fomu Folo kuno ku Manja amawerenga ndakatulo yodandaula za thangata. Ndinawafunsa chifukwa chomwe mlakatuli analembera kuti anthu "ankakokedwa" kupita kuminda ya azungu, osati "ankaitanidwa". Mtsikana wina anangosuzumira pafoni n'kunena kuti, "Madamu, konseko ndi kupita basi. Kodi zibwera pamayeso?"

Inenso ndinakuyankhanipo choncho m'kalasi mwanu ku Limbe. Simunakalipe. Munaitana mnzanga, iye n'kuyenda yekha kubwera kutsogolo. Kenako munagwira mpando womwe ndinakhalapo n'kundikoka nawo mpaka pabolodi, kalasi yonse ikuseka, ine manyazi atandigwira. Munati, "Nonse awiri mwafika. Koma ndani akufuna kulira? Agogo anga atachoka ku Mozambiki, kuminda ya azungu ankafika ngati iwe wokokedwawe." Lero nanenso ndinaugwira mpando wa mtsikanayo, koma belu linalira, ana n'kuthamangira maminibasi. Ahedi akuti ndisiye masewera, ndingomaliza silabasi. Munapita msanga, aphunzitsi, ndatsala ndekha wokangana ndi ahediwo. Koma mawa mpandowo ndiukoka, silabasiyo idikire.