Bodza limene ndinauza apulambala a pa esiteti

Abale anga, ndikudziwa kuti ena mukamaliza kuwerenga munena kuti mkuluyu ukalamba wamusokoneza mutu, koma Mulungu ndi mboni, palibe chimene ndawonjezera pa nkhaniyi, ndipo ndikanakhala wofuna kupeka, bwenzi nditapeka yondiveka ulemu, osati iyi yondivula pagulu chonchi. Mayina sinditchula, la esiteti kapena la munthu, chifukwa ana a anthu amene ndikambe pano alipo, ena ndi akuluakulu tsopano.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene, ine ndili kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo nditakwezedwa pa ntchito anandipatsa nyumba yoyamba kumtunda pa mzere wa nyumba za ogwira ntchito mu ofesi, yokhala ndi chimbudzi chamadzi mkati momwemo. Inu, munthu wokulira pa chimbudzi chokumba, ndinkangoti basi ndafikapo! Zonyansa za nyumba zonsezo zinkayenda m'payipi imodzi yaikulu pansi pa nthaka, kutsetsereka mpaka kuthanki imene inali kumunsi, pafupi ndi malayini, nyumba za anthu otchola tiyi. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali chemba, kadzenje komanga ndi njerwa kovundikira ndi simenti, pamene payipi ya nyumbayo inkakumana ndi yaikuluyo.

Tsiku lolowa m'nyumba anandiwerengera malamulo, ndipo ndinasayina ndi dzanja langali. Payipi yochoka m'nyumba kukafika pachemba inali udindo wa wokhalamo: osataya zisanza kapena phulusa m'chimbudzi, osabzala mtengo pamwamba pake, ikatsekeka kukanena msanga. Koma lamulo limene ankalibwerezabwereza linali lakuti madzi a mvula, kaya a padenga kaya a pabwalo, asalowe m'chemba ngakhale dontho. Wolondola zimenezi anali apulambala a pa esiteti, bambo wachikulire wachilomwe wochokera ku Thekerani, wamfupi, wosalankhulalankhula, amene ankayenda ndi kachitsulo kogogodera zivundikiro. Ankagogoda katatu n'kutchera khutu, ndipo ankati mamvekedwe okhawo ankawauza ngati pansi pakuyenda bwino.

Tsono nyumba yangayo inali ndi vuto limodzi. Inali m'munsi mwa munda wa tiyi wotsetsereka, ndipo mvula ikagwa, nanga mvula ya ku Thyolo simukuidziwa, madzi onse a m'mundamo ankathera pabwalo langa, ofiira ngati magazi, kulowa mpaka kukhitchini. Mayi akunyumba ankangokhalira kukapa madzi ndi beseni. Ndinakadandaula kawiri kwa oona za nyumba, iwo anangoti tidikire chilimwe adzakumbe ngalande. Ndiye Lamlungu lina, anthu ali kutchalitchi, ndinatenga khasu ndi hamala, ndinakumba kuyambira pamene madzi ankadikhapo mpaka pachemba, ndinaboola njerwa za m'mbali mwake, ndinayala chidutswa cha payipi yaikulu chimene ndinatola kuseri kwa fakitale, n'kukwirira bwinobwino. Pamwamba pake mayi akunyumba anabzalapo maluwa. Mvula yotsatira bwalo linauma msanga, ine n'kumadzitama kuti sukulu imathandiza.

Patapita masabata atatu payipi yaikulu ija inatsekeka kumunsi. Zonyansa zinayamba kusefukira kumalayini, fungo lake losaneneka, amayi akumeneko akudandaula chifukwa chitsime chawo chinali pafupi. M'mawa wake apulambala aja anayenda nyumba ndi nyumba, ndipo anandipeza ndikumanga tayi pakhonde. Anavula chipewa, anandipatsa moni wa ulemu monga mwa masiku onse, kenako anandifunsa ngati penapake panyumba panga pali polowera madzi a mvula m'chemba. Anafotokoza modekha, ndi kalankhulidwe kawo kachilomwe kaja, kuti ayenera kulowa m'chemba yakuya ya pafupi ndi thanki, yoti anthu awiri atasanjikizana mutu wosaoneka, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana. Anati ngati m'payipimo mukuyenda za m'zimbudzi zokha, mvula itagwa bwanji iwo alibe mantha, koma ngati madzi a mvula apeza njira, dzenjelo lingadzaze munthu asanakwere n'komwe. Anatinso ngati polowera madzipo palipo ndingowauza, iwo sakanena kuofesi, angodikira tsiku lopanda mitambo.

Akulankhula choncho maso awo anali pa maluwa aja. Ine ndinati palibe. Ndinatero mokweza, ngati ndanyozedwa, mpaka ndinawafunsa ngati akundiyesa munthu wosadziwa kuwerenga malamulo. Anapepesa, anavala chipewa, anagogoda chivundikiro changa katatu, n'kumapita.

Mungandifunse kuti chinandigwira pakamwa n'chiyani, munthu atalonjeza kale kuti sakanena? Ndadzifunsa zaka zonsezi. Mantha olandidwa nyumba analipo, koma chachikulu anali manyazi, kuti ine wa tayi ndivomere kulakwa pamaso pa munthu wa ovolosi. Ndinadziuza kuti mvula igwa madzulo, iwo atatuluka kalekale.

Inagwa nthawi ya nkhomaliro itangodutsa. Ndinali mu ofesi, ndipo nditamva madontho oyamba padenga ndinangokhala pampando, cholembera chili m'manja, ndikudzinamiza kuti ndi yowaza chabe. Itayamba kukhuthuka zenizeni, yoti wina akulankhula pambali pako osamumva, m'pamene ndinadzambatuka n'kuthamangira kumunsi, kuterereka m'matope, koma ndinapeza anthu atazungulira kale dzenje lija, azibambo anayi akukoka chingwe. Mnzawo amene ankagwira chingwecho pamwamba ankangobwereza kuti madzi ofiira anatulukira m'payipi mwadzidzidzi, n'kuwagwetsa pa zitsulo zokwerera. Anawatulutsa akupuma pang'onopang'ono, thupi lonse matope, jombo ya labala kuphazi limodzi, inayo itatsala pansipo. Anawakweza pa thirakitala kuti awathamangitsire kuchipatala ku Makwasa, koma anatsirizikira panjira.

Anthu anadabwa kuti dothi lofiira linalowa bwanji m'payipi ya zimbudzi, ndipo mapeto ake anagwirizana kuti mwina mizu ya mitengo inaswa payipi penapake. Ine m'mamawa mwake ndinazula maluwa, ndinafukula payipi yanga, ndinamata bowo lija ndi simenti. Kumaliro ndinapita, nyimbo ndinaimba nawo, dothi ndinaponya nawo m'manda. Mayi akunyumba, amene anamva zonse ndili pakhonde tsiku lija, kuyambira pamenepo ankandipatsa chakudya osandiyang'ana kumaso.

Choyamba chinachitika patangotha sabata. Linali Loweruka masana, kunja kukuwaza, tili pabalaza awiriwiri, ndipo tinamva kuseri kwa nyumba chitsulo chikugunda simenti, katatu, kenako zii, ngati munthu akumvetsera. Ndinati mwina alemba pulambala wina. Ndinatuluka, kunalibe munthu, ndipo pamatope ozungulira chemba panalibe phazi ngakhale limodzi. Nditabwerera m'nyumba mayi akunyumba anangoti nawonso amva, ndisavutike kuwauza kuti ndi nthambi ya mtengo. Kuyambira tsikulo mvula iliyonse inkabwera ndi kugogodako, nthawi yake yomweyo ya nkhomaliro itangodutsa. Ndinafunsa aneba mochenjera ngati amamva kanthu, iwo ayi. Ndinayamba kudyera nkhomaliro kuofesi, koma kodi munthu ungathawe nyumba yako mpaka liti?

Nyengo ya mvula itatha ndinati basi tapuma. Ayi ndithu. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda kamtambo, ndinalowa kuchimbudzi n'kupeza madzi a m'mbale ya chimbudzicho afiira, akukwera pang'onopang'ono okha, timasamba ta tiyi tikuyandama pamwamba. Anakwera mpaka m'milomo, anaima, kenako anatsika ndi phokoso limene sindidzaiwala, ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali pansi pa madzi akukoka mpweya. Nditathawira panja ndinakatsegula chemba, ndipo munali mouma, simenti yanga ili chimatire. Nanga madzi ofiirawo anadzera kuti? Mwina wina wodziwa za mapayipi angafotokoze, ine sindinathe. Ndinayamba kupita kukadzithandiza kuzimbudzi zokumba za kufakitale, kalaliki wamkulu, anthu n'kumadabwa. Thupi linatha, mathalauza ndinkachita kumanga ndi chingwe mkati.

Chimene chinandithyola msana chinabwera m'nyengo ya chiperoni. Tsiku limenelo nkhungu inatsika mpaka pansi, moti mzere woyamba wa tiyi sunkaoneka uli pakhonde. Cha m'ma teni m'mawa ndinabwerera kunyumba kukatenga juzi, ndipo nditazungulira kuseri ndinaona chinthu chakuda chitaima pachivundikiro cha chemba yanga. Inali jombo ya labala, imodzi, ya kuphazi lamanzere, yoima chilili ngati mwini wake wangoivula kumene. Kuchidendene inali ndi chigamba cha chubu cha njinga, chigamba chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku apulambala aja akamadutsa paofesi. Ndinaigwira, inali yodzaza madzi ofiira mpaka pakamwa. Abale, jombo inatsala pansi pa dzenje kumunsi kwenikweni, miyezi isanu yapitayo, ingakwere bwanji phiri n'kudzaima pa nyumba yoyamba kumtunda? Ndi ndani akanaibweretsa, pamene panalibe wodziwa mlandu wanga kupatula mkazi wanga? Ndili chigwirire jomboyo, kugogoda kuja kunamveka, koma ulendo uno kuchokera mkati, pansi pa chivundikiro chimene ndinapondapo.

Sindikudziwa mmene ndinalowera m'nyumba. Mayi akunyumba ataona chimene chinali m'manja mwanga anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula za mlandu wanga. Anati iwo atopa kugona m'nyumba imodzi ndi anthu awiri, wamoyo wosalankhula ndi wakufa wosaleka kufunsa, ndipo ngati sindipita kukanena, abwerera ku Dedza mawa lomwelo.

Loweruka lotsatira ndinakulunga jomboyo m'thumba la feteleza n'kukwera matola a ku Thekerani, kumene mayi wamasiye, mkazi wa apulambala aja, anabwerera atachotsedwa m'nyumba ya esiteti. Ndinawapeza akusola chimanga pabwalo. Ndinakhala pansi padothi, mpando ndinaukana, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira Lamlungu la khasu lija mpaka bodza la pakhonde. Sanalire, sanatukwane. Anaitenga jomboyo, anapukuta chigamba chija ndi nsonga ya chitenje, nati anamata okha amuna awo. Kenako anandiuza chinthu chimene chimandilasa mpaka lero. Anati m'mawa wa tsikulo bambowo anabwerera kunyumba kukatenga chingwe, ndipo anawauza kuti bwalo la akalaliki likuuma msanga modabwitsa, mtima wawo sukukhazikika. Mayiwo anawaletsa kulowa m'dzenjemo, koma iwo anayankha kuti afunsa ndipo ayankhidwa, munthu wophunzira sanganame pa nkhani ya moyo wa mnzake, komanso ana a kumalayini sangagonenso tsiku lina m'zonyansa.

Ndinapempha chikhululukiro. Anati chimenecho ndikapemphe kwa Mulungu, iwo chimene akufuna n'chakuti anthu asiye kunena kuti amuna awo anafa chifukwa chosasamala pa ntchito imene anaigwira kuyambira unyamata, choncho ndikanene kuofesi, pamaso pa anthu, osati kuseri. Lolemba ndinakanena. Ntchito inatha, nyumba ndinatuluka sabata yomweyo, ndipo anzanga amene ndinkamwa nawo tiyi ankandilambalala panjira. Masiku atatu omaliza m'nyumbamo kunali chiperoni chokhachokha, koma sitinamve kalikonse.

Ine ndine mkhristu, ndipo ndinaphunzitsidwa kuti akufa sadziwa kanthu. Sindikutsutsa. Koma chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti funso limene munthu anakufunsa moyo wake uli m'manja mwako, iwe n'kuliyankha monama, silipita naye kumanda, limatsala pakhomo pako kudikira yankho loona. Kaya anali mzimu wa bambo aja, kaya ndi Mulungu amene anagwiritsa ntchito chimene ndinkachiopa, zimenezo ndikazimva kutsogoloko. Mpaka lero mvula ikayamba masana chakudya sichitsika, ndimangokhala duu kudikira kuti ikate.

Inu amene mukukhala m'nyumba za mapayipi, m'maesiteti kapena m'tauni, ndimakuonani nyengo ya mvula mukutsegula zivundikiro kuti madzi a pabwalo apeze kolowera, ndipo mumati lamulo loletsa ndi la anthu a mu ofesi ofuna kukuvutitsani. Madziwo sathera pakhomo panu. Amatsikira kumunsi, kumene kuli chitsime cha wina, kapena bambo wa wina ali m'dzenje, wadalira mawu anu. Ngati munachita kale, katsekeni lero. Ndipo munthu wa ovolosi akadzavula chipewa pakhomo panu n'kukufunsani, muuzeni zoona akadali pamtunda.