Ndende Imene Bambo Sanagonemo

Sukulu inandipatsa matenda oipa, ofuna umboni pa chilichonse. Chaka changa chachiwiri ndikuphunzira kutsidya kwa nyanja, ku Perth, ntchito yathu m'kalasi inali yosefa nkhani za nthawi ya atsamunda, iyi yoona, iyi yabodza. Ndinkaimva kukoma, osanama.

Bambo anali ndi nkhani yawo imodzi. Ankati boma la azungu litakakamiza anthu kulima migula yotchinga madzi m'minda, iwo anakana, anathyola ndodo yoyezera ya kapitawo wa zaulimi, n'kukagona kundende. Ankafotokoza mpaka fungo la ndowa ya m'chitokosi. Tinakula nayo nkhaniyi.

Loweruka lina ndili m'galimoto ku Mirrabooka, nditangogula ufa, bambo anaimba foni n'kuiyambanso nkhani ija. Ine ndi phuma langali ndinawadula pakamwa. Zaka ndinali nditawerengera kale: pamene za migula zinkavuta, iwo mano anali asanamere n'komwe.

"Bambo, zimenezi sizinakuchitikireni inu. Munali khanda."

Anangoti chabwino amayi, mwaphunzira, kenako anafunsa ngati kuno kwayamba kuzizira. Anakhalabe ndi moyo chaka china chathunthu, tikulankhulana sabata ndi sabata, koma nkhani ija sanaitchulenso. Ine ndinkayesa ndapambana, kupusa kwanga.

Maliro awo ndinaonera pafoni. Patapita masabata angapo ndinawauza azakhali, mlongo wawo wa bambo, mwanthabwala, kuti achimwene awo ankakonda kuthira mchere mbiri yakale. Azakhali sanaseke. Anati amene anamangidwa anali amalume awo a bambo, omwe anatuluka kundende akutsokomola, osakhalitsa n'kumwalira. Bambo atakula, abale anawalowetsa dzina la malumewo monga timachitira kwathu.

"Wolowa dzina sanena kuti anamangidwa, mwanawe. Amati ndinamangidwa. Ukanafunsa."

Ndikanafunsa ndithu. Ine wa mabukune ndinakhalitsa chete munthu amene anasenzetsedwa kuti malume akewo asaiwalike, ndipo zimandipweteka mpaka lero.

Ndimawasowa bambo. Masiku ena m'sitima yochokera ku Rockingham ndimayesa kuifotokoza nkhaniyi chamumtima, momwe ankaiyambira, koma imandithera panjira. Zimene anamuyankha kapitawo uja asanathyole ndodo zinandichoka m'mutu. Ndinaimbanso kwa azakhali kuti andikumbutse. Akuti zimenezo ankazidziwa ndi mwini dzina, ndipo dzinalo palibe amene walilowa.