Chigubu Chachitatu cha Agogo a Mbewe

Ndikamva fungo la chimera chowiritsa, mtima umabwerera ku Raylton, dera la ogwira ntchito kunjanji kudziko la eni komwe ndinakulira, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu, momwe agogo aamuna, a Mbewe, ankasungamo chigubu cha mowa chokutidwa ndi chiguduli chonyowa, sitima zikulira kunjanji, utsi wa mbaula ukutiyabwa m'maso. Agogowa anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito yophika kwa mzungu wina wa kunjanji, ndipo n'komwe anaphunzira kufulula mowa wa balere ndi hopu.

Ndili ndi zaka khumi, azakhali anga a Esinati anapeza banja kwa a Ncube. Agogo analonjeza pamaso pa akuchimuna kuti mowa wa paukwati afulula okha, wonunkhira kuposa wa kusitolo. Anaitanitsa hopu ku Joni, kaphukusi kake tinakalandira kudepoti ya mabasi ya Renkini. Munali timibulu touma tobiriwira, tonga chakudya cha nkhuku.

"Hopu wina timaphika kuti mowa uwawe," anandiuza. "Koma uyu saona moto. Timamuika mowa ukatha kuwira, kuti asiyemo fungo lokha."

M'chigubu choyamba anangothira timibuluto n'kutisiya masabata awiri. Timibuluto tinafufuma, tinatseka paipi ya chigubu, mowawo n'kumamveka ngati udzu. Agogo aakazi analawa, nalavula pomwepo.

"Abambo, uwu kapatseni ng'ombe. Tiyeni tingogula, tingachite manyazi."

"Hayi, Nabanda. Ndinayankhula pagulu ine."

Ulendo wachiwiri anamanga timibuluto m'kansalu, koma mtima sunawapatse mpata. M'mawa uliwonse ankavundukula chigubu kuti anunkhize, mpweya n'kumalowa. Mowa unada, unayamba kununkha ngati katoni yonyowa. Anakautaya okha m'ngalande.

Kunatsala mwezi umodzi kuti ukwati uchitike, timibulu tinatsala todzaza dzanja limodzi, ndipo m'mipopi madzi anali atasiya kutuluka. Agogo, maondo ali otupa, anakankha wilibala maulendo anayi kupita kumjigo dzuwa likuswa mtengo, osalola kuti wina awalandire. Anawiritsa madzi, anatsuka chigubu kawiri, nafululanso. Thovu litaleka, anawiritsa kansalu ndi supuni, namanga timibuluto pamodzi ndi supuniyo kuti timire. Anatseka chivundikiro msangamsanga, anachikulunga ndi mphira, anakhoma chitseko, kiyi n'kupereka kwa agogo aakazi.

"Ndikakupemphani kiyiyu asanakwane masiku atatu, mundikanize. Vuto si hopu ayi. Vuto ndi manja angawa."

Tsiku lachiwiri ndinawapeza kukhitchini akunyengerera. "Nabanda, kungosuzumira basi, kamodzi kokha."

Agogo aakazi anagwira mfundo ya chitenje pomwe anamangapo kiyi. "Munanena nokha. Kakhaleni pansi."

Anapitadi kukakhala pakhonde, akung'ung'udza m'Chindebele. Tsiku lachitatu anavuula kansalu kaja, nathira mowa m'mabotolo, osalola aliyense kulawa.

Paukwati, mkulu wa kwa a Ncube anakweza tambula n'kuima nayo pamphuno nthawi yaitali, anthu onse akumuyang'ana. Agogo anatsamira ndodo yawo n'kudikira.

"Khulu, mwaikamo malalanje?" mkuluyo anafunsa, akuwatchula agogo m'Chindebele.

"Ayi, ndi hopu chabe."

Mkuluyo anamwa, anapukuta pakamwa, natambasula dzanja ndi tambula ija kuti amuwonjezere. Agogo anangotembenukira kwa akazi awo n'kuwagwedezera mutu.

Agogo anatisiya kale, ndipo ine mowa sindimwa. Koma nditalephera kawiri mayeso aunamwino, ndinakhala pansi n'kudzifunsa chomwe manja anga ankavundukula tsiku ndi tsiku. Ndinatenga foni yanga n'kupereka kwa amayi kuti andisungire mpaka nditalemba. Ndinaipempha katatu, katatu konse anandikaniza. Chaka chimenecho ndinakhoza.