Foni ya Amayi Yafika Ikununkha Usipa

Salaam aleikum nonse.

Foni ya amayi yadzuka! Ija ndinawagulira kuno ku Durban n'kudzangozima yokha. Kushopu ku Blantyre anaikana, amvekere walanti yokonzetsera ulere imagwira komwe unagula.

Ndiye amayi anaitumiza pa basi, ataikwirira m'thumba la usipa kuopa akuba. Lero ndapita nayo kushopu ku Springfield. Eish, mayi wapakauntala wagwira mphuno: "Inagwera m'nyanja? Ngati inanyowa, walanti palibe!" Nditamufotokozera kuti nsomba zake n'zouma, waseka mpaka misozi. Vuto linali batire basi, asintha ulere.

Poyatsa, zithunzi zonse za malemu abambo zilimo. Ndalira pomwepo, abale.

Tsono ibwerere bwanji kumudzi? Amayi akuti ndiikwirire mu shuga.