Utsi wa Ng'ombe za ku Lupembe

Boma litanditumiza ku Lupembe kukakhala mlangizi wa zaulimi, ndinali mwana wa ku Dedza wongotuluka kumene sukulu, nzeru zili tho m'mutu, kolala yolimba ndi sitachi. Masiku amenewo mlimi aliyense wolimbikira ankalota satifiketi ya uchikumbe, ndipo wolemba maina ndinali ine. Ndinkayenda ngati tambala.

Chomwe chinandiwawa mtima kumeneko chinali ndowe. Anthu ankaziyanika, madzulo n'kuzitentha pakati pa khola, ng'ombe zitazungulira utsi. Manyowa abwinobwino kupsa chonchi! Ndinalalikira mudzi ndi mudzi kuti ndowe zonse zizipita kudzenje zikawole. Ankandiwombera m'manja mwaulemu, ine ndikakwera njinga iwo n'kukoleza moto wawo.

Anandimvera ndi bambo mmodzi yekha, wachikulire, amene uchikumbe unkamusowetsa mtendere. Tinakumba dzenje, moto wa m'khola unazima, ine n'kulemba lipoti lodzitama.

Kenako mvula inagwa, madambo a mpunga anadzaza, udzudzu unabwera ndi abale ake onse. Tsiku lina m'mawa akazi a bambo aja anafika pakhomo panga atanyamula chipanda. Ndinasangalala, poganiza kuti ndi chambiko, mkaka wowawasa uja ndinali nditayamba kuukonda. Chinali chopepuka.

"Alangizi, mwagona makola?" anandifunsa.

"Ndagona bwino, amayi."

"Inya, mwagona bwino chomene. Neti yanu ndaiona pachingwe apo, yoyera. Sono ng'ombe zanga neti yake ndi utsi. Mwazivula. Zikuchezera kuponda, sizidya, mkaka wauma. Kathole kakugwa kokha. Buku lanu likuti uli?"

Buku langa silinkanena kanthu za udzudzu. Anasiya chipanda pakhonde n'kumapita, osatsazika.

Ndinawatsatira. Kathole kaja ndinakapeza katagona, nthiti zili pamtunda, mayi wake akukanyambita. Manyazi anandigwira, ndipo ndinachita mantha kuti kangafe chifukwa cha pakamwa panga. Bambo aja anangoti zyoli, kuopa kuti ndiwafufuta m'kaundula. Ndinavula jekete, ndinatola ndowe zouma pamulu womwe tinkasungira dzenje, ndipo madzulo amenewo moto ndinakoleza ndine, maso akutuluka misozi ndi utsi. Mayi aja anandionetsanso komwe phulusa limapita: patsinde pa nthochi, zomwe ndinkazidya tsiku lililonse osafunsa chozinenepetsa.

Tinagwirizana kuti ndowe zina kudzenje, zina kumoto. Kathole kanadzuka.

Tsiku lachionetsero cha zaulimi, abwana a ku boma ataona utsi anakwinya nkhope. Bambo aja anayankha mosaphethira: "Njira iyi atiphunzitsa ndi alangizi athu, bwana. Ngophunzira chomene."

Satifiketi ija bamboyo analandira. Chipanda chija chinakhala pakhonde panga mpaka mayi aja anadzachitenga okha. Mawa lake chinabwerera, ndipo pochinyamula ndinachita kugwira ndi manja awiri.