Timiphika Tobooka Pansi

Fungo la dothi la mtapo likangonyowa limandibwezera pakhonde lathu ku Kota Kota, chaka chimene amayi anasiya kupita kumunda wa mpunga. Inali nthawi ya Chitaganya, bambo ali kuntchito ku Halale, ndipo pakhomo tinalipo awiri okha. Amayi anali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Khasu linayamba kuwalemera, mtsuko nawonso, koma manja awo anakana kungokhala.

Anayamba kuumba. Sanali mmisiri wa mbiya ayi, anangoonerako kwa azakhali awo ali mtsikana. Ine ndinkakatapa dothi kudambo, iwo n'kulikanda atakhala pamkeka, miyendo atatambasula. Ankaumba timiphika tating'ono, kunja n'kusalaza ndi chitsononkho, m'kati ndi chigoba cha nkhono, kenako n'kuboola pansi ndi kamtengo.

"Amayi, nanga mphika wobooka ndi wa ntchito yanji?" ndinafunsa.

"Zimene zikhalemo sizikonda madzi ambiri, Lusiya," anatero.

Tinkaotcha ndi makungwa kuseri kwa nyumba, m'mawa mwera usanayambe kuwomba. Utsi unkawatsokomoletsa, choncho ankakhala patali pansi pa mango, n'kumandilozera posonkhezera. Tina tinkaphulika pamoto, iwo n'kungoseka. Totsalato tinkatuluka tofiira, ta mawanga akuda, ndipo ukatigogoda ndi chala tinkalira bwino.

M'menemo tinathira mchenga wa kunyanja wosakaniza ndi manyowa a mbuzi. Tinabzala chinthembwe, cha masamba onenepa a minga m'mbali, chimene ndinakazula m'miyala ya m'njira ya kwa Malengachanzi. Panalinso kamtengo kena kamene wosamalira maluwa a ku mishoni anawapatsa amayi. Tsamba lake likagwa pansi linkamera lokha. Chisanu chitafika, udzu wonse utauma, chinthembwe chinatulutsa maluwa ofiira ngati makala, ndipo timbalame ta choso tinkabwera kudzayamwa amayi ali pomwepo, atafunda chitenje mpaka m'khosi.

Maluwa ali pachimake, amayi anayamba kugawa. Anandisenzetsa kamphika kokongola koposa kuti ndipite nako kwa Abiti Saidi, mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi mzikiti. Ndinalira, chifukwa kameneko ndinkati n'kanga.

"Ukafika usakangopereka n'kuthawa," anatero. "Ukakhale pansi, ukawauze kathiriridwe kake. Akakupatsa chakudya ukadye. Ukawauzenso kuti uzibwera kudzakaona."

Ndinali mwana wamanyazi, wosazolowera makomo a eni. Nditafika ndinagwada, n'kunena zonse mofulumira. Abiti Saidi analandira ndi manja awiri.

"Amako adzuka bwanji?"

"Akutsokomolabe, koma akuumba."

Anakayang'anitsitsa kamphikako. Kenako anati, "Sendera kuno, mwanangu, tsitsi lakoli lafuna chipeso." Ndinabwerera dzuwa litapendeka, mutu wolukidwa, zala zili ndi mafuta a zitumbuwa.

Kena kanapita kwa anaPhiri, amene ankakhala pambali pa amayi m'tchalitchi. Kena kwa akazi a aphunzitsi. Kena kwa mayi wina wowamba nsomba amene amayi anakanganapo naye za nkhuku. Kulikonse ndinkapita ndekha, ndipo ndikabwerako amayi ankafunsa kuti andilandira bwanji, andikhazika pati, ndadya chiyani. Khonde linatsala lopanda kanthu.

Amayi anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Bambo anafika maliro atatha, ndipo pobwerera ku Halale anandisiya kwa mlongo wawo, mayi wabwino koma wa ana ambiri. Madzulo, chisoni chikandigwira, ndinkati ndikupita kukaona maluwa. Palibe khomo limene linandibweza. Abiti Saidi anandiluka mpaka nditakula. AnaPhiri anandisokera diresi la chikonfimasiyo, mwambo wondilimbitsa m'tchalitchi. Mayi wa nsomba uja ndiye anandilangiza nditatha msinkhu.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti amayi atopa nawo maluwa awo, ndipo ndinkawakwiyira kuti akugawa zinthu zathu kwa anthu wamba. Ndinadzazindikira nditabereka mwana wanga woyamba kuti iwo ankadziwa kale za chifuwa chawocho. Analibe mphamvu zoyenda khomo ndi khomo kukapempha kuti wina adzawalerere mwana, choncho anandituma ndekha, ndili ndi kanthu m'manja, kuti ndisakafike ngati wopempha.